Nyanja ya Pabalaza pa a Mulinde

Pa maliro a a Mulinde, Loweruka lapitalo, mbiri ya malemu anawerenga ndi mwana wawo woyamba, Harrison, amene amagwira ntchito ku Lilongwe. Anawerenga bwino, ndisamunamizire. Anatchula kumene anabadwira bambo ake, sukulu imene analekezera, makampani amene anawayendetsera malole, ana ndi zidzukulu, mpaka kwaya imene ankaimbamo ali mnyamata, yomwe ngakhale akazi awo sakuikumbukira. Ine ndinatchera khutu kudikira liwu limodzi lokha, lakuti nsomba. Silinatuluke. Munthu amene anathera ukalamba wake wonse pa thanki ya nsomba imene anakhoma yekha pabalaza pake, anamuika m'manda ngati kuti chinthucho sichinakhaleko n'komwe. Nanga akanaitchula bwanji, poti anali ataidula ndi sowo dzana lake lomwelo, thupi la mwini wake lili ku mochale?

Ndikulemba ndili ndi mkwiyo, ndipo sindibisa. Ine si m'bale wawo. Ndine wa nyumba yoyandikana nayo kuno ku Naperi, mpanda wathu ndi umodzi, ndipo zambiri zimene ndikudziwa za mkulu ameneyu ndinazionera pamwamba pa mpandawo kapena ndinazimva ndi mphuno.

Sindinena kuti anali munthu wophweka. Anali wamfupi, wa khosi lonenepa, wokonda ovololo yabuluu imene dzina la kampani linali litafufutika kale kumsana. Pensulo sinkachoka kukhutu kwawo, ngakhale ku tchalitchi. Ukawapatsa moni akuyeza thabwa sankayankha, ndipo ukabwereza ankakuyang'ana ngati wawabera chinachake. Mu minibasi ankakhala kumbuyo n'kumalangiza dalaivala za magiya mokweza mawu, mpaka makondakitala a ku Limbe anawadziwa, akawaona pa siteji n'kumati yadzadza pamene mipando ili gwaa. Akabwereka chida chako ankachibweza chitatsukidwa, chitadzozedwa oilo, koma pamodzi ndi ulaliki wa momwe iwe mwini wake umachizunzira. Chawo sankabwereketsa. Ankakonda kunena kuti madzi alibe chibale, amakafufuza pamene unachita ulesi ngakhale papite zaka, ndipo ankanena zimenezi pa nkhani iliyonse, kaya ndi ya denga, ya ukwati kapena ya ndale.

Anthu a mumsewu mwathu poyamba ankati mkuluyu akudzikhomera bokosi la maliro. Sindiwadzudzula kwambiri, chifukwa chinthucho chinali chachitali moti munthu wamkulu akanagonamo osapinda miyendo, ndipo mumsinkhu chinkandifika m'chiuno chisanakwere pa nsanja. Atamva kuti ndi mosungira nsomba, ndiponso nsomba zosadya, anangoti ukalamba wabwera ndi zake. Palibe amene anavutika kuwafunsa chifukwa chake.

Chifukwa chinalipo. Zaka zawo zomaliza pa ntchito, matipate atangoyamba, ankayendetsa lole ya kampani ina imene inkatumiza nsomba zamoyo kunja. Ankakatenga mabokosi kunyanja atamatidwa kale, n'kuthamanga nawo ku bwalo la ndege ku Chileka. Lamulo linali lakuti osatsegula, osaima panjira, osagwedeza. Munali mbuna m'menemo, tinsomba ta m'miyala ta mitundu yowala, tili m'majumbo a madzi, koma iwo ankangonyamula ngati mmene munthu anyamulira simenti. Tsiku lina bokosi linapulumuka potsitsa, jumbo n'kuphulika, ndipo kansomba kabuluu ka mizere yakuda kanayamba kuphupha pamapazi pawo. Ankati anaima kukamwa kuli yasa mpaka kapitawo anachita kuwakalipira. Munthu wobadwira m'dziko lino, wodya nsomba kuyambira ali kumsana, anali asanaonepo mtundu wotere. Chimene chinawapweteka, ndipo ankachibwereza mpaka titatopa nacho, n'chakuti mzungu wa kutsidya la nyanja amakhala pampando n'kumaonera nsomba yathu ikusambira, pamene mwini dziko amaidziwa ikakhala mumphika. Kampaniyo itatseka, nthawi imene mafakitale ambiri ku Makata ankachotsa anthu, iwo anabwerera kunyumba ndi ganizo limodzi lokha.

Thanki yagalasi yokhayokha ya kukula kumene ankafuna sakanaikwanitsa, ndiye anati akhoma ya matabwa, galasi likhale kutsogolo kokha. Anapita ku hadiweya ina ku Limbe, ya mkulu wina wachimwenye amene banja lake lagulitsa misomali pamalo omwewo kuyambira kalekale. Mkuluyo atamva ntchito yake anawauza mwachifatse kuti pulayiwudi amene analoza ndi wa siling'i ndi makabati, madzi amafuna uja wa maboti. A Mulinde anamuuza pamaso kuti akungofuna kuwagulitsa wodula. Anatenga wa siling'i yemweyo, anamukhoma ndi misomali, m'kati anapakamo phula lija timamatira malata odontha, galasi anachotsa pa zenera lakale. Madzi ake ankanunkha ngati msewu watsopano. Tinsomba ta mumtsinje timene anayesera tinafa tsiku lomwelo, iwo n'kunena kuti tinali todwala kale.

Pofika sabata yachiwiri thabwa lakumbuyo linali litatupa ngati mimba. Akazi awo, aNachisale, analiona, ine ndinaliona, koma mwini wake anati matabwa akungokhazikika.

Linali Lachinayi masana, tsiku limene amayi a kumpingo anabwera kudzapemphera kwa aNachisale. Anadzadza pabalaza, mabulauzi oyera mbee, atakhala pamphasa, ena atatsamira chinthu chomwecho. Anaimba, anawerenga mawu, kenako anatsinzina. Pemphero lili pakati, ine kwathu ndinangomva kuti phwaa! kenako mfuu. Ndinalumpha mpanda. Ndinapeza madzi akuda akutuluka pakhomo ndi masilipasi, mabuku a nyimbo ndi zikwama, amayi akukwera pamipando, gogo wina akukuwa kuti chigumula. Mabulauzi aja sanayerenso mpaka lero. Apo ndi pamene a Mulinde analowa kuchokera kuseri kwa nyumba, anadutsa m'madzimo osayang'ana munthu, anagwada pa thanki yong'ambikayo n'kutembenuka.

"Wayambira pati? Azimayi, ndani waona pamene wayambira?"

Anakwezanso mawu.

"Anthu onsewa, palibe ndi mmodzi yemwe anali maso?"

"Timapemphera, bambo," anatero mayi wina akufinya chitenje.

"Asa! Ndiye ndidziwa bwanji kuti ndi ngodya kapena ndi pansi?"

Anthu amaikamba nkhaniyi poseka, nanenso ndimaseka. Koma ndinali pomwepo ndipo ndinaona nkhope yawo. A Mulinde ankangosisita thabwa lofufumalo. Sanali munthu wopanda chisoni ayi, koma ankadziwa kuti ngati sapeza pamene analakwitsa, ndiye kuti anthu onse amene ankawaseka akhala kuti ananena zoona.

ANachisale tsiku limenelo anakagona kwa mng'ono wawo ku Bangwe, ndipo anabwerako ndi ankhoswe. Mlanduwo anakambira pakhonde, kotero kuti sindinachite kufuna kumvetsera. Mchimwene wa aNachisale, a Wyson, munthu wokonda kuweruza, ndiye analankhula kwambiri. Anati nsomba malo ake ndi kunyanja, ngati alamu akuzifunitsitsa akumbe dziwe kuseri. A Mulinde anati panja dzuwa limabiriwitsa madzi, kuli amphaka ndiponso akuba, komanso iwo sanavutike zaka zonsezi kuti azikaonera nsomba zawo atakhala pafupi ndi chimbudzi.

"Alamu, chinthu chimenechi n'chachikulu kuposa chitseko," anatero a Wyson. "Mawa kukagwa zovuta pakhomo pano, amayi adzakhala pati?"

"Amene akudikira maliro anga akadikirire panja," anayankha a Mulinde.

Amene anathetsa nkhaniyo ndi aNachisale eni ake. Anati awalola ayesenso kamodzi kokha. Koma likadzangotuluka dontho limodzi, osati chigumula, dontho, thankiyo idzatuluka kapena adzatuluka ndi iwo.

A Mulinde anabwerera ku Limbe. Sanapepese, sankadziwa kapepesedwe. Anangoima pa kauntala n'kunena kuti ndipatseni uja wa maboti, ndipo mkulu wachimwenye uja sanaseke kapena kukumbutsa zakale, anangouza antchito kuti atsitse wokhuthala. Kuchokera pamenepo ntchito inayenda mwa mtundu wina. Anayamba ndi kumanga nsanja ya njerwa ndi simenti kukhoma la pabalaza, n'kuiyeza ndi levulo mpaka womanga amene anamuitana ananyanyala. Misomali anaisiya. M'mphepete monse ankapaka guluu kenako n'kumanga masikuluwu motalikirana zala zitatu, ndipo kunja anazunguliza mapulanga ngati malamba, ena n'kupingasa pamwamba kuti mbali zisadzatanuke.

Za kutseka madzi anakaziphunzira ku Makata, kwa munthu wina wokonza mabampala a galimoto ndi mathanki a madzi. Anabwerako ndi faiba, nsalu yoyera ija yoyabwa, ndi rezini, madzi onata amene amauma gwa ukawathira timadontho ta mankhwala ake. Tsiku loyamba anati timadontho n'ta anthu amantha, anathira mowolowa manja. Chitini chinatentha, chinafuka utsi, ndipo rezini anauma bulashi ili chiimire m'katimo. Anatukwana mpaka nkhuku zinathawa. Koma mawa lake anayambiranso, akusakaniza pang'onopang'ono m'kapu.

Amene sananunkhizepo rezini asandiuze za fungo. Msewu wonse unadwala mutu. ANachisale ankadzaphikira kwathu, chifukwa ankati ngakhale madzi akumwa akumveka mankhwala. Mkuluyo ankalowa m'bokosimo atamanga kansalu kumphuno, akuyala faiba, akunyowetsa ndi rezini, akufinya timathovu ta mpweya kamodzikamodzi. Ngodya ankaziopa kwambiri. Ankayamba wazidzaza phala la rezini kuti zikhale zobulungira, chifukwa ankati nsalu siigona pa ngodya yakuthwa, imasiya kamphanga, ndipo kamphangako ndiko khomo la madzi. Zikauma ankapala ndi sandipepa, n'kuyalanso, n'kupalanso, thupi lonse likuyabwa, mikono ili psuu ngati yakwapulidwa ndi chitedze. Atamaliza anatenga kalilole wa akazi awo n'kumaunikira dzuwa m'ngodya iliyonse kufunafuna tizibowo tonga ta singano. Atatipeza titatu, anapakanso thanki yonse.

Galasi anakalipeza kutauni, pa sitolo ina yakale imene ankaikonzanso, lokhuthala ngati chala. Analinyamula ndi mnzawo wakalekale, Che Daudi, Msilamu wodekha amene ankayendetsa naye malole ndipo tsopano anali ndi kapikapu kake. Analigoneka pa matiresi n'kumayenda ngati akuperekeza mkwatibwi kudutsa ku Mandala, maminibasi akuimba mahutala kumbuyo, a Mulinde ali pamwamba atalikumbatira, akubweza chipongwe chilichonse. Polimata ndinathandiza nawo kugwira. Analilowetsa cha m'kati, kuti litsamire felemu pamwamba pa silikoni wokhuthala, phala lija lomatira magalasi, ndipo ndinawafunsa kuti nanga chidzaligwire n'chiyani popanda sikuluwu. Anati madzi omwewo, akamakankha kuti atuluke ndiye kuti akudzitsekera okha. Kenako anatseka chitseko cha pabalaza kwa masiku ambiri, osalola munthu kukhudza, n'kumati kuona maso a nkhono n'kudekha, iwo amene sanadekhepo pa china chilichonse.

Tsiku lothira madzi aNachisale anatuluka kukhitchini ndi mbale ya ufa woyera. Anagwada n'kuwaza ufawo kuzungulira nsanja yonse, m'munsi mwa galasi, m'ngodya, mpaka kuseri kumene dzanja linkafika movutikira. Dontho likagwera pa ufa silibisika. A Mulinde anayang'ana, n'kuyamba kuthira. Sanadzadze tsiku limodzi. Ankathira pang'ono, n'kulemba mzere ndi pensulo, n'kudikira, mawa n'kuwonjezera. M'mawa uliwonse aNachisale ankagwada n'kuyendera ufa wawo ngati mlimi woyendera misampha, mwamuna wawo ataima kumbuyo, akupuma ngati wakwera phiri la Soche. Madzi anafika pakamwa, ufa uli gwa. ANachisale anati tione mwezi ukatha. Mwezi unatha, ndipo chimene chinabwera pa ufawo ndi nyerere zokha. Anausesa okha, ndipo sananenepo kuti agonja.

Nsomba anabwera nazo Che Daudi kuchokera kunyanja, miyala a Mulinde anali ataitola kale, ataitsuka n'kuiwiritsa mumphika wa akazi awo, nkhondo ina imeneyo. Sindidziwa kufotokoza bwino zimene tinaona atazitsanulira. Zabuluu, zachikasu ngati nthochi yakupsa, zina zamizere, zikuthamangitsana m'mapanga. Mkulu uja anakoka mpando, anakhala, ndipo kwa nthawi yoyamba chimudziwireni anatha ola lathunthu osatsutsa munthu.

Anthu omwe aja ankaseka anayamba kubwera ndi alendo awo kudzaonetsa. Iwo ankawalola, koma wogogoda galasi ankatuluka, ndipo anatulutsapo mkulu wa mpingo. Magetsi akathima, kapampu ka mpweya n'kuima, ankaimirira ndi jagi n'kumatunga madzi a m'thankimo n'kumawathira kuchokera m'mwamba kuti nsomba zipume, mpaka mkono kuuma. Mipope ikauma, mgolo wa madzi a nsomba sunkakhudzidwa, ngakhale anthu m'nyumbamo asasambe. Ndipo kwa zaka zonsezo, zoposa khumi ndithu, aNachisale ankadandaula kwa aliyense wofuna kumva. Thankiyo ankaitcha mkazi mnzawo. Ankati anakwatiwa pa mitala atakalamba, mkazi wamng'onoyo saphika, sachapa, koma ndiye amene amagona pabalaza. Ankanena pa msika, ku tchalitchi, pa foni kwa ana. Tonse tinkaseka, ndipo wanzeru aliyense akanamva kuti munthu sadandaula chinthu chimodzi zaka zonsezo ndi mawu okoma chotero ngati akudana nachodi.

A Mulinde atachita sitiroko, dzanja lamanja n'kufa, amene anatenga ntchitoyo ndani? Ndinkawaona ine aNachisale akuyamwa payipi kuti madzi akale atuluke, akulavula, akutukwana mkazi mnzawo, kenako akupukuta galasi ndi nsalu yofewa mpaka kuwala. Ana sanazione zimenezi. Ankabwera pa Khirisimasi, kujambula nsomba pa foni, n'kubwerera. M'miyezi yomaliza mkuluyo anatiuza ine ndi Che Daudi, akazi awo ali pomwepo, lilime likulemera, kuti tsiku lawo likadzafika adzawagoneke pakhonde kapena mu tenti, mtembo sumva mphepo, koma thanki isadzakhudzidwe. ANachisale anati asiye kulankhula zopusa, amwe phala.

Anamwalira Lachitatu kuchipatala. Lachinayi m'mawa kunachitika zimene zimachitika pa maliro alionse: amuna anayamba kutulutsa katundu pabalaza kuti amayi apeze pokhala ndiponso kuti bokosi lidzalowe. Mwambo umenewu sindikutsutsana nawo, ndautsatira pa maliro a mayi anga omwe. Anatulutsa masofa, kabati, wailesi ya kanema, tebulo. Inatsala thanki, kapampu kake kakulira, nsomba zikusambira osadziwa kanthu. Pamenepo anali atafika Harrison, ndi a Wyson amene tsopano amayenda ndi ndodo koma kuweruza sanasiye. Ndinaona mnyamata wina akubwera ndi payipi ndi sowo, ndipo ndinawayandikira akuluakuluwo.

"Pepani akuluakulu, malemu ananena kuti chinthu ichi chisakhudzidwe," ndinatero. "Ananena pamaso pa ine, pa Che Daudi ndi pa mayi."

"Inu aneba, maliro ano ali ndi eni ake," anatero a Wyson. "Ine ndinanena kalekale kuti tsiku ili lidzafika."

"Ankolo, tikufuna sipesi," anatero Harrison, mwaulemu ndithu. "Kubwera anthu ambiri, a kuofesi kwathu, a kumpingo. Komanso mami akhala akukomplena nacho chinthuchi zaka zonsezi. Tikuwathandiza."

"Ndiye kawafunseni. Ali m'chipindamu."

"Namfedwa safunsidwa za mipando," anadula a Wyson.

Nyumba ya mwini saotchera mbewa, ndimadziwa. Ndinalankhulabe mpaka ena anandikokera panja n'kumandiuza kuti ndisayambitse phokoso pa maliro. Ndinaimbira Che Daudi, koma anali ku Zomba ndi katundu wa anthu, ndipo anafika zonse zitatha. ANachisale anali kuchipinda, pamphasa, atafunditsidwa chitenje kumutu, amayi atawazinga mbali zonse monga timachitira, ndipo palibe amene analowa kukawauza liwu limodzi.

Madzi anawatulutsira pabwalo. Nsomba anaziwola ndi sefa ya kukhitchini n'kuziponya m'bafa lochapira, n'kuliika kuseri padzuwa. Kenako anayamba kulimbana ndi thankiyo, ndipo apa ndikufuna aliyense amene ankati mkuluyu wasokonezeka amve. Inakana. Anayesa kuchotsa galasi kuti mwina aligulitse, silikoni sanalole, mpaka anachita kuliswa ndi hamala. Sowo inabuntha pa faiba. Anakabwereka makina odulira zitsulo, fumbi loyabwa linadzadza nyumba yonse, amayi akutsokomola, ndipo anyamata anayi anatha m'mawa wonse akutuluka thukuta pa chinthu chimene nkhalamba imodzi inakhoma yokha. Ndinatola chidutswa chimodzi pabwalo n'kuyang'ana podulidwapo. Thabwa la m'kati linali louma, loyera, ngati langotsitsidwa kumene ku Limbe. Zaka zonsezo madzi anafufuza, ulesi sanaupeze.

Zidutswazo ena anaziponya pamoto wophikira, koma zinanunkha, amayi anazichotsa n'kuzitaya kudzala. Chakumasana mbale zotsuka zinachuluka, bafa linafunika. Sindikudziwa amene anachita, ndipo ndi bwino kuti ndisamudziwe. Nditapita kuseri kuti nditengere nsombazo kwathu, ndinapeza bafa lili ndi thovu la sopo ndi mbale, ndipo m'ngalande munali timabuluu ndi timachikasu tili gone pamatope, ntchentche zitayamba kale.

Chimene chikundiwawa koposa n'chakuti sipesi ankaifunayo sanaipeze. Thanki inachoka koma nsanja ya njerwa inatsala, yofika m'mawondo, yogwirana ndi simenti ya pansi. Mayi ndani angakwere pamenepo pa maliro? Bokosi litabwera Lachisanu analiika pakati pa chipinda, pamene likanakhala ngakhale thanki ikanakhalapo. Anthu a kuofesi anakhala pa mipando ya pulasitiki mu tenti panja. Pa nsanja ya a Mulinde amayi anaunjikapo zikwama ndi maambulera. Titabwerako kumanda ndinamufunsa Harrison ngati waona zimenezi. Anayang'ana pansi n'kunena kuti ankolo, madzi akatayika saoleka. Ndinachoka ndisanamuyankhe, chifukwa yankho limene linabwera pakamwa panga silinali la pa maliro.

Dzulo, achibale atabalalika, ndinapita kukawaona aNachisale. Ndinawapeza okha pabalaza, mpango wakuda kumutu. Tinapatsana moni, kenako anayamba okha.

"Ndinkamva, achimwene. Hamala ija ndinaimva, makina aja ndinawamva. Ndinafuna kudzuka, anandigwira mapewa, akuti limbani mtima mayi, limbani mtima. Ndikati nsomba, iwo akuti eya, ankazikonda, apumule. Ankaganiza kuti ndikulira amuna anga okha."

Kenako anapitiriza.

"Munali ina yachikasu inali ndi ana m'kamwa. Mmene zimachitira muja, mayi amasunga ana m'kamwa osadya kanthu mpaka akule. Inali itatsala pang'ono kuwalavula. Ndinawauza bambo kuchipatala Lolemba, anaseka ndi mbali imodzi ija, akuti mukaziwerenge ndikabwera ndidzamve."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kundifunsa ngati ndingamwe tiyi.

Katundu anamubwezera m'nyumba, koma anabwezera anthu osadziwa pamene chilichonse chinkakhala. Masofa onse anawalozetsa ku wailesi ya kanema. Kukhoma kuja kwatsala chigamba chachikulu cha penti wakale, wobiriwira, chifukwa nthawi zonse popenta nyumba bulashi sinkafika kuseri kwa thanki. Pamwamba pa nsanja pali mabala a makina aja, ndipo m'mphepete mwa khoma mukadali tizidutswa ta galasi timene tsache silinatione. Soketi ili pomwepo yopanda cholumikiza, ndipo m'nyumbamo muli zii moti ndinkamva wotchi ya kuchipinda. Masana, dzuwa likalowa pa zenera la kumadzulo, kale linkadutsa m'madzi n'kumagwedezeka kudenga, chipinda chonse n'kumaoneka ngati chikupuma. Dzulo linangofika pakhoma n'kuima. ANachisale anabwera ndi tiyi, anandipatsa, kenako anakoka mpando wawo kuuchotsa pamene anauika achibale, anautembenuzira ku khoma lopanda kanthulo, n'kukhala.